Amuna anga akuti tikanapuma iwo akanakhala kulibe

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 38. Ndakhala pabanja zaka 14 ndipo tili ndi ana atatu. Amuna anga ntchito idawathera kampani yawo itatsekedwa. Miyezi iwiri yoyamba sadandiuze. Ankadzuka m'mamawa, kusamba, kuvala, n'kutuluka ngati akupita kuntchito, ine n'kumawasitira malaya osadziwa kanthu. Ndidachita kumva kwa mkazi wa mnzawo.

Pano patha miyezi 16. Poyamba ankayenda ndi makalata ofunsira ntchito, koma adasiya. Masana amagona, usiku amangokhala pabalaza mumdima. Ana akaseka amawakalipira. Ayambanso kumwa, munthu amene mowa sankaulawa n'komwe.

Pakhomo pano tilinso ndi apongozi anga aakazi. Adadwala sitiroko ndipo mbali imodzi idafa. Kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwachapira, zonse ndi ine, ndisanapite kuntchito ndiponso ndikaweruka. Alamu anga awiri, amene amuna angawa adawalipirira sukulu, foni sayankha.

Ine ndimagwira ntchito yolandira ndalama pa kauntala. Fizi ya mwana wathu woyamba itavuta, mnzanga wa kuntchito adandionetsa kaseweretsedwe ka malisiti. Ndatenga kawiri. Mwana ali kusukulu, koma ine tulo ndilibe, kupemphera nako kukundikanika. Choipitsitsa n'chakuti tsiku lina ndikuwatembenuza apongozi ndidaganiza kuti bola akanangotsogola. Ndidadzida.

Sabata yatha titakangana, amuna anga adati: "Musadandaule, mukanapuma ine ndikanakhala kulibe." Adanena modekha, osakalipa. Azakhali, ndatopa. Kodi ndingotenga ana n'kuchoka? Kodi ndasanduka munthu woipa?

Mayi wotopa


Mwana wanga,

Mwandifunsa mafunso awiri, koma mundilole ndiyambe ndi chimene simudafunse, chifukwa ndi chimene chandiimitsa mtima. Mawu amene bambowo adanena modekha aja si a mkangano ayi. Munthu amene wasiya kugona usiku, wasiya kufunafuna ntchito, wayamba mowa, kenako n'kunena kuti anzake akanapuma iye kulibe, ameneyo n'kutheka kuti akuganiza zodzipha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse, ndipo amuna ndi amene amachuluka, kuposa akazi kawiri. Ambiri amakhala atanenapo kanthu, apabanja n'kuyesa kuti ndi mkwiyo chabe.

Usiku womwe uno, ana akagona, khalani nawo pansi muwafunse mosazungulira: "Bambo, mawu mudanena aja andikhala pamtima. Kodi mukuganiza zodzipha?" Ndikudziwa kuti pakamwa palemera. Ambirife timaopa kuti tikatchula mawuwa tiwapatsa nzeru yoipa, koma akatswiri a za maganizo adafufuza n'kupeza kuti kufunsa sikubzala ganizolo mwa munthu. Nthawi zambiri amapepukidwa kuti wina waona katundu amene wasenza. Akayamba kulankhula, musawadule, musawalalikire, musathamangire kunena kuti "nanga ana?" Ingomverani. Mankhwala ophera tizilombo ndi makoswe, zingwe, mapiritsi onse a m'nyumba kuphatikizapo a apongozi aja, muzichotse poyera n'kutsekera. Ganizo lodzipha limabwera ndi mphamvu kwa kanthawi kenako limatsika, ndipo chida chikakhala patali nthawi imeneyo, munthu amapulumuka.

Akavomera kuti akuganizadi zimenezo, makamaka akanena kuti njira adaikonza kale, musawasiye okha ngakhale pang'ono, mupite nawo kuchipatala nthawi yomweyo. Ngakhale akane, aonane ndithu ndi adokotala sabata ino. Kusowa tulo, kusasangalala ndi chilichonse, kudziona wachabechabe, zimenezi zikapitirira milungu iwiri ndi zizindikiro za matenda ovutika maganizo. Ndi matenda ngati ena onse, ndipo amachizika ndi uphungu, nthawi zina ndi mankhwala. Mowa umangowakulitsa. Ngati mawu anu sakulowa, pezani mwamuna mmodzi amene iwo amamulemekeza, wodziwa kusunga chinsinsi, awaperekeze.

Mwina mumtima mukuti, munthu wamkulu angagone bwanji masana pamene ine ndikuthyoka msana? Funso limeneli ndi lomveka, ndipo sindikukudzudzulani. Koma imvani izi. M'dziko la Austria muli kamudzi kotchedwa Marienthal, kufupi ndi mzinda wa Vienna. Anthu ake pafupifupi onse ankadalira fakitale imodzi yoomba nsalu, ndipo cha mu 1930 fakitaleyo idatsekedwa. Mayi wina wofufuza za chikhalidwe cha anthu, Marie Jahoda, pamodzi ndi anzake Paul Lazarsfeld ndi Hans Zeisel, adafufuza mmene anthuwo ankakhalira, ndipo zimene adapeza zidasindikizidwa mu 1933. Munthu angaganize kuti amuna okhala ndi nthawi yochuluka chotere akanatanganidwa ndi zina. Sizidatero. Ankayenda pang'onopang'ono mumsewu, n'kumaimaima popanda chifukwa. Mabuku a mulaibulale adachepetsa kubwereka, misonkhano adasiya kupitako, ndipo akafunsidwa mmene tsiku latha ankasowa chonena. Akazi okha ndi amene tsiku lawo lidakhalabe ndi mutu ndi mchira, chifukwa kuphika, kuchapa ndi kulera ana kudali kukuwadikira. Jahoda adadzafotokoza kuti ntchito imapatsa munthu zambiri kuposa malipiro: nthawi yodzukira, anzake ocheza nawo, dzina pakati pa anthu, ndi chifukwa chotulukira pakhomo.

Ndikaganiza za malaya mumasita aja, chisoni chimandigwira. Bambowo adakunamizani, inde, ndipo bodza limapweteka, makamaka pomva kwa anthu akunja. Koma ine ndikuona munthu amene ankayesa kugwiritsa tsiku lake kuti lisamugwere, ndiponso ankaopa kuti maso anu asintha pomuyang'ana.

Ndiye apatseni gawo m'tsikulo, gawo lenileni, losachita kupeka kuti asangalale. Lili m'nyumba momwemo. Wodwala amene sangathe kudzitembenuza amafunika kumutembenuza pafupifupi maola awiri alionse kuti asatuluke zilonda za pogona, ndipo dzanja ndi mwendo wakufawo zimafuna kuongoledwa tsiku ndi tsiku monga achipatala angakuonetsereni. Inu muli kuntchito masana onse. Amuna anu, mwana wa wodwalayo, ali pomwepo. Kusambitsa mungapitirize inu ngati iwo sangathe, koma kutembenuza, kudyetsa, kumwetsa mankhwala pa nthawi yake ndi kupita nawo kuchipatala zikhale zawo. Musanene kuti "poti mukungokhala." Nenani zoona zake: "Ndalema, ndipo mayi akufuna manja amphamvu kuposa anga." Munthu wodziona wopanda ntchito m'dziko amafunika kumva kuti pali chinthu chimene sichichitika iye akapanda kudzuka.

Tsopano za malisiti. Pano sindikunyengererani, chifukwa nanunso mukudziwa dzina la chimene mwachita, n'chifukwa chake tulo tathawa. Lekani. Kachitatu kasakhalepo. Mlandu suola, mabuku a ndalama amadzawerengedwa, ndipo tsiku limenelo mnzanu uja adzadziteteza yekha. Panopa wakugwirani m'manja, akhoza kukuuzani kuti mumuthandize pa zazikulu inu n'kusowa pokanira. Taganizani: m'nyumba ya anthu asanu ndi mmodzi, wolandira malipiro ndinu nokha. Mukachotsedwa ntchito, kapena mukamangidwa, ana atatu, wodwala pamphasa ndi bambo wodwala maganizo atsala ndi yani?

Lembani papepala lanu ndalama zonse mudatenga ndi masiku ake, ndipo muyambe kupatula kangachepe mwezi ndi mwezi kuti mubweze. Za kabwezedwe kake ndi za kuulula kwa abwana, musachite mwaphuma kapena mwamseri, kuopa kuwonjezera bodza lina m'mabukumo. Yambani mwafunsa munthu wodziwa malamulo a ntchito, akuuzeni njira yosakuphetsani. Za fizi, pitani nokha kwa aphunzitsi aakulu mukapemphe kulipira pang'onopang'ono. Funsaninso kuntchito ngati angakupatseni gawo la malipiro mwezi usanathe. Kupempha kumachititsa manyazi, ndikudziwa, koma manyazi amenewo amatha mukangotuluka pakhomo la ofesi. Ngongole ya katapila yokha musaiyandikire.

Amuna anu ayenera kudzaimva nkhaniyi kuchokera pakamwa panu, koma osati sabata ino. Munthu amene akudziona ngati katundu, akamva lero kuti mkazi wake waba chifukwa cha fizi, adzati umboni wakwana. Dikirani ayambe kulandira thandizo. Ndipo podzawauza musadzati "taonani zimene mwandichititsa." Mudzati, "Ndidalakwa, ndidaopa, ndithandizeni kukonza." Mukaonetsetsa, nonse awiri mwachita chinthu chimodzi: iwo adabisa ulova, inu mwabisa malisiti, aliyense poganiza kuti akuteteza mnzake. Mavuto adakupezani muli awiri, koma aliyense wakhala akulira kuchipinda chakechake.

Mwati kupemphera kukukukanikani. Ine sinditenga zimenezo ngati chizindikiro chakuti mwatayika. Chikumbumtima chanu chili moyo, n'chifukwa chake chikupweteka. Amene ndimamudera nkhawa ndi amene watenga kakhumi n'kumagona tulo tabwino. Ngati mawu sakubwera, khalani chete pamaso pa Mulungu wanu momwemo, kapena muuzeni munthu mmodzi wachikhulupiriro chanu amene simukayika kuti pakamwa pake n'potseka.

Za ganizo lija pa apongozi, bwerani pafupi ndikuuzeni. Anthu ambiri amene adwazika matenda a mgonagona kwa nthawi yaitali lidawafikirapo ganizo limenelo, kungoti sanena. Chimene mumafuna n'chakuti kutopaku kuthe, ndiponso kuti kuvutika kwa mayiwo kuthe. Onani zimene manja anu ankachita pa nthawi imene mutu unkaganiza zimenezo: ankawatembenuza mayiwo kuti asatuluke zilonda. Munthu woipa sachita zimenezo m'mamawa ndi madzulo kwa miyezi yonseyi. Komabe ganizolo likukuchenjezani kuti mphamvu zatha. Mukadzaona kuti mwayamba kuwagwira mwaukali kapena kuwakalipira, tulukani panja, itanani wina. Mukufunika tsiku limodzi pa sabata limene simugwira wodwala, ndiponso usiku wogona osadzutsidwa. Popita kuchipatala ndi bambowo, inunso munene za kusowa tulo kwanu.

Alamu anuwo musataye nawo nthawi powakumbutsa za sukulu. Munthu akamukumbutsa ngongole ya chifundo amathawiratu. Alembereni uthenga umodzi, inu ndi amuna anu, wopempha chinthu chodziwika: uyu azigula mankhwala a mayi mwezi uliwonse, uyo azibwera Loweruka kudzagonera wodwala. Mutu umodzi susenza denga, ndipo amene wagonayo ndi mayi wawo. Akapanda kuyankha, pemphani wamkulu wa kubanjako awaitanitse. Akakanabe, mwadziwa poima, muyang'ane thandizo kwina.

Ana nawo auzeni zoona zolingana ndi msinkhu wawo: kuti bambo akudwala, ndalama zachepa, ndipo iwo sadalakwe kanthu. Mwana akapanda kuuzidwa amadzipezera yekha chifukwa, ndipo kawirikawiri amadziloza yekha.

Kodi muchoke? M'kalata yanu simudatchule kumenyedwa kapena kuopsezedwa. Zikanakhalapo, kapena zikadzayamba mowa ukamakula, yankho langa ndi lina: mudzatenge ana mupite pamalo otetezeka, osadikira chilolezo cha munthu. Koma mmene mwafotokozeramu, ine ndikuti musagamule za banja la zaka 14 muli ndi tulo ta miyezi. Dzipatseni miyezi itatu. Muone ngati bambowo apita kuchipatala, ngati mowa uchepa, ngati agwira gawo lawo pa mayi awo. Akakana zonsezi mpaka mapeto, tidzakambirana zina, ndipo sindidzakuuzani kuti mupirire mpaka kufa.

Mukatha kuwerenga, pitani mukatsekere mapiritsi aja, kenako mudikire ana agone. Mundilemberenso mundiuze zimene bambowo ayankhe.

Azakhali