Ukufuna kuwerenga nkhani pa ZNBC? Yambira pa wailesi

Mtsikana wina wa ku Matero wandilembera. Anamaliza giredi 12, anakhoza bwino Chingerezi, ndipo mtima wake uli pa kuwerenga nkhani za 19 hours pa ZNBC, nyumba youlutsa mawu ya dziko la Zambia. Atate ake akuti apite ku unesi. Iye wakana, ndipo chaka chathunthu chamuthera pakhomo. Funso lake: akasiye kalata yofunsira ntchito ku Mass Media Complex, likulu la ZNBC, kapena angomvera atate?

Makalata otere amabwera chaka chilichonse zotsatira zikangotuluka. Ndiyambe ndi iwe, mwananga. Chaka chimene wataya chikundipweteka kuposa mkangano wanuwo. Owerenga nkhani pa TV1, kanema wa ZNBC, ndi ochepa ndipo sachoka msanga pa mipando yawo. Kalata yako, yokhala ndi satifiketi ya giredi 12 yokha, sidzafika patali.

Ukudziwa kumene nyumba imeneyo inachokera? Wailesi m'dziko lino inayamba mu 1941 muno mu Lusaka, kasiteshoni kakang'ono ka boma la atsamunda kofalitsa nkhani za nkhondo. Chinaikuza ndi zilankhulo zathu. Mu 1949 kunabwera kawailesi kotchipa ka batire kotchedwa Saucepan Special, ndipo anthu m'makomboni ndi m'midzi anayamba kumva Chinyanja, Chibemba, Chitonga ndi Chilozi kuchokera ku Central African Broadcasting Station, imene inkamvekanso ku Nyasaland ndi ku Southern Rhodesia. Alick Nkhata, woimba komanso muulutsi, anatchuka pa siteshoni imeneyi ndi mawu okha, ndipo msewu umene Mass Media Complex ilipo ukutchedwa dzina lake. Wailesi ya kanema inabwera mochedwa, mu 1961 ku Kitwe. Mu 1966 zoulutsa mawu zinakhala dipatimenti ya boma yotchedwa Zambia Broadcasting Services, kenaka lamulo la 1987 linakhazikitsa ZNBC, imene inayamba ntchito mu 1988.

Mpaka lero Radio 1 imaulutsa m'zilankhulo zisanu ndi ziwiri: Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chikaonde, Chilunda ndi Chiluvale. Ana ambiri a mu Lusaka amathamangira Chingerezi cha m'mphuno, n'kusiya khomo limeneli. Koma Chinyanja cha m'minibasi, chosakaniza ndi Chingerezi pa mawu atatu alionse, sichikwana. Pamafunika munthu woti akapatsidwa nkhani ya bajeti kapena ya mtengo wa feteleza m'Chingerezi, aikonze m'Chinyanja choti gogo wa ku Katete amve osafunsa, ailembe bwino, aiwerenge osapunthwa. Anthu otere ndi osowa.

Njira imene ndimaikhulupirira ndi dipuloma ya utolankhani ku Evelyn Hone College. Kumeneko kuli Hone FM, choncho umagwira maikolofoni usanamalize sukulu. Ngati zotsatira ndi thumba zikulola, digiri ya zaka zinayi ku yunivesite ya UNZA ilipo, nayo ili ndi wailesi yake. Koleji ya ZAMCOM imaphunzitsanso za ntchitoyi. Koleji ina iliyonse, usanalipire ngwee imodzi, tsimikiza kuti ndi yolembetsedwa ku TEVETA, bungwe la boma loyang'anira makoleji a ntchito zaluso, ndipo ufunse akuonetse situdiyo. Akakuonetsa kalasi ya mipando yokhayokha, tuluka.

Nthawi ya atachimenti aliyense amafuna ZNBC, ndipo pochuluka ophunzira ungamalize miyezi itatu ukunyamulira ena zingwe. Pa wailesi yaing'ono, monga za m'maboma a kum'mawa, antchito ndi ochepa, ndiye amakutuma kukatola nkhani kumsika, ukailemba, ukaidula wekha pa kompyuta. Zimenezo ndizo adzakufunse tsiku limene ZNBC idzalengeze malo.

Usadikire koleji kuti uyambe. Tsiku lililonse tenga nkhani imodzi ya m'nyuzipepala, uilembenso kuti ithe m'masekondi 40. Chiganizo choyamba chinene amene wachita, chimene wachita ndi malo. Ziganizo zikhale zazifupi, chifukwa womvera sangabwerere m'mbuyo ngati wowerenga. Nambala zazitali uzifupikitse. Jambula pa foni m'chipinda chokhala ndi makatani ndi bedi, pakuti m'chipinda chopanda katundu mawu amabwerera. Foni ikhale kutalika kwa chikhato kuchokera pakamwa, chapambali pang'ono, kuti "p" ndi "b" zisaphulike. Ukamvetsera udzapeza zolakwa ziwiri za oyamba kumene: kuthamanga, ndi kumeza mawu kumapeto kwa chiganizo. Ika chizindikiro pa pepala pamene uyenera kupuma. Phunzira kudula mawu ndi pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa Audacity, ndi yaulere. Nkhani iliyonse uichite kawiri, m'Chingerezi ndi m'Chinyanja.

Tsopano inu atate. Mantha anu ali ndi maziko. Kuyambira 1988 ZNBC ndi bungwe loima palokha, lodalira malonda, ndalama ya TV levy imene oonera kanema amalipira, ndi thandizo la boma, ndipo sililemba anthu chaka chilichonse. Koma mukuyang'ana ngati tikadali m'nthawi ya wailesi imodzi. Radio Phoenix inatsegulidwa mu 1996, ndipo lero IBA, bungwe loyang'anira zoulutsa mawu, lapereka ziphaso kwa masiteshoni ambirimbiri. Unesi umene mukuumirirawo, pitani mukafunse anamwino amene ali pakhomo ndi mapepala awo kudikira kuti boma lilembe. Mwana wokankhidwira kuwodi mtima uli kwina amavutitsa odwala. Kumukaniza fizi mpaka agonje kwakudyerani kale chaka. Mwina mumupatse muyeso: aonetse ntchito, inu mulipire.

Mwananga, kukana kwako chaka chonse kukusonyeza kuti chinthuchi ukuchifunadi, ngakhale sunachitepo kanthu. Chita zimene ndanenazi miyezi itatu osalumpha tsiku, usankhe nkhani zitatu zabwino koposa, uwamvetsere atate, kenaka upite ku Evelyn Hone ukafunse za mafomu a chaka chamawa.