Tsiku limodzi ku Kanazawa: yambirani ku Kenrokuen

Mayi wina amene ali pa maphunziro ku Tokyo wanditumizira imelo. Akuti ali ndi tsiku limodzi lopuma mu Disembala, ndipo akufunsa munda wa Chijapani woti akaone, malo ena apafupi, chakudya, ndi kanthu kogulira abale kumudzi.

Mayi, pitani ku Kanazawa. Kuyambira 2015 sitima ya Hokuriku Shinkansen imafika kumeneko, ulendo wa maola pafupifupi awiri ndi theka kuchokera ku Tokyo. Munda wake ndi Kenrokuen, umodzi mwa minda itatu imene Ajapani amati ndi yoposa yonse. Mafumu a banja la Maeda anayamba kuukonza mu 1676, koma anthu wamba anaulowa koyamba mu 1874.

Mwezi mwasankhawu ndi wabwino zedi. Chipale chofewa cha kumeneko chimagwa chonyowa, cholemera, moti chimathyola nthambi. N'chifukwa chake pa 1 Novembala chaka chilichonse osamalira mundawu amayamba kuimika milongoti pambali pa thunthu la mtengo, n'kutsitsa zingwe zambirimbiri kuchokera kunsonga kuti zigwire nthambi. Ntchitoyi amaitcha yukitsuri, ndipo amayambira pa paini wotchuka wa Karasaki, m'mphepete mwa dziwe la Kasumigaike. Chonde musangojambula chithunzi n'kudutsa. Imani muone mmene chingwe chilichonse chapezera nthambi yake. Ndi ntchito ya manja, ndipo ine imandigwira mtima kuposa maluwa a mu Epulo. Pa dziwe lomwelo pali nyali yamwala ya miyendo iwiri, Kotoji, pamene anthu amachita mzere kuti ajambulitse. Chakumunsi kuli kasupe amene amaponya madzi m'mwamba mamita atatu ndi theka popanda pampu, chifukwa madziwo amatsika kuchokera ku dziwe lija. Madzi a m'mundamu amabwera ndi ngalande ya Tatsumi, imene inakumbidwa mu 1632 kuchokera ku mtsinje wa Sai.

M'mawa wonse muthere m'mundamu, ndipo tengani ambulera, mvula ya ku Kanazawa sichenjeza. Mukatuluka, wolokani mlatho mukalowe pa chipata cha Ishikawa-mon, kumalinga a mafumu aja.

Nkhomaliro mukadyere ku msika wa Omicho. Disembala ndi nyengo ya nkhanu, koma ngati nsomba yaiwisi ya pa kaisendon (mbale ya mpunga yokhala ndi nsomba pamwamba) simuitha, itanitsani jibuni, nyama ya bakha yopaka ufa yophika mu msuzi, yotenthetsa thupi bwino.

Madzulo yendani ku Higashi Chaya, dera la nyumba zakale zamatabwa. Pafupifupi golide yense wopyapyala wa ku Japan amapangidwa mu mzinda umenewu, choncho mupeza timabokosi ndi timagalasi tokutidwa naye. Ayisikilimu wa golide ndi wokongola, koma golideyo alibe kukoma kulikonse. Ndalamazo gulirani kakapu ka dothi ka Kutani, mukakakulunge mu zovala m'chikwama. Ana muwatengere Choseiden wa ku sitolo ya Morihachi, maswiti ouma amene sawonongeka msanga pa ulendo.