Batire lafufuma, koma palembedwa Li-Polymer: kodi lingayake?

Mayi wina wa ku Zomba wanditumizira imelo, ndipo ndaifupikitsa motere: "Batire la foni yanga lafufuma mpaka chivundikiro chakumbuyo chakankhika. Pabatirepo palembedwa Li-Polymer. Mnyamata wokonza mafoni wandiuza kuti ndisade nkhawa, akuti polymer ndi pulasitiki, ndiye batire lotere silingayake ngati enawa. Kodi n'zoona? Nanga pulasitiki ikufunanji m'batire?"

Amayi, tiyambe ndi zachangu. Zimitsani foniyo, musaitchajenso, ndipo batirelo lichotsedwe ndi munthu wodziwa ntchito yake. Mnyamatayo walondola pa chinthu chimodzi: pulasitiki ndi mtundu wa polymer, monganso labala ndi nayiloni, zinthu zopangidwa ndi tizidutswa tofanana tolumikizana m'mizere italiitali. Koma zoti batire lanu silingayake, pamenepo wakusocheretsani.

M'kati mwa batire la foni muli timapepala tiwiri tachitsulo topindidwa kapena kusanjikizidwa. Ka aluminiyamu, kamene ndi mbali ya pulasi, n'kopakidwa mankhwala okhala ndi lithium, ndipo m'mafoni ambiri amakhala lithium cobalt oxide. Ka kopa, kamene ndi mbali ya mainasi, n'kopakidwa graphite, yemwe uja timalembera m'pensulo. Tonse tiwiri n'tonyowetsedwa ndi timadzi tamankhwala momwe lithium amadutsamo, kupita ku graphite mukamatchaja ndi kubwerera mukamagwiritsa ntchito foni. Timadzi timeneti timayaka moto. Mabatire ambiri olembedwa Li-Polymer ali nato, mwina tamadzimadzi kapena tokhuthala pang'ono, ndipo kusiyana kwake kwenikweni n'koti m'malo mwa chigoba cholimba chachitsulo amakutidwa ndi kathumba kofewa ka aluminiyamu ndi pulasitiki. Kathumbako kamathandiza kuti foni ikhale yopyapyala. Sikazimitsa moto.

Pulasitiki imene ikukutetezanidi ndi ina, ndipo simuiona. Pakati pa timapepala tiwiri tija pamakhala kansalu ka polyethylene kapena polypropylene, kopyapyala kuposa tsitsi, kochindikala pafupifupi magawo 10 mpaka 25 pa magawo 1,000 a milimita imodzi. Kali ngati sefa ya ufa: timabowo take timalola lithium kudutsa, koma mbali ya pulasi ndi ya mainasi sizikhudzana. Zikangokhudzana ndi shoti, mphamvu yonse imatuluka kamodzi n'kusanduka kutentha. Luso la akatswiri lili apa: polyethylene amasungunuka kutentha kukafika pafupifupi madigiri 130, ndiye batire likayamba kutentha mopitirira, timabowo tija timatsekeka tokha ndipo magetsi amaima. Opanga ena amaika polyethylene pakati pa zigawo ziwiri za polypropylene, yemwe amapirira mpaka cha m'ma 160, kuti zibowo zikatsekeka kansaluko kakhalebe kosang'ambika. Koma kakaboola china chake, kapena kutentha kukakwera msanga kwambiri, chitetezo chimenechi chimatha.

Vuto la moto linayamba pamodzi ndi batire la lithium lenilenilo. M'zaka za m'ma 1970, Stanley Whittingham, akugwira ntchito ku kampani ya mafuta ya Exxon ku America, anapanga batire lotchajika logwiritsa ntchito chitsulo cha lithium chenicheni. Linkagwira ntchito, koma likatchajidwa mobwerezabwereza pachitsulocho pankamera timinga tomwe tinkakula mpaka kukagunda mbali inayo, moto n'kubuka. Kampani ya ku Canada ya Moli Energy inagulitsa mabatire a chitsulo cha lithium, ndipo mu 1989 anabwezedwa foni ina itayaka ku Japan. Pakati apo, mu 1980, John Goodenough ndi anzake ku yunivesite ya Oxford anali atapeza kuti lithium cobalt oxide amapereka mphamvu ya ma volt 4, pafupifupi kuwirikiza kawiri ya batire la Whittingham. Mbali ya pulasi inali yapezeka. Ya mainasi ndiyo inkavutabe.

Apa ndi pamene nkhani ya pulasitiki imandisangalatsa kwambiri, chifukwa mnyamata wanu uja akanakhala ndi mfundo zinthu zikanayenda mwina. Mu 1967, m'labotale ya ku Tokyo Institute of Technology kumene kunali Hideki Shirakawa, wofufuza wina anathira mankhwala ofulumizitsa ntchito ochuluka kuwirikiza pafupifupi ka 1,000 kuposa oyenera, ndipo m'malo mwa ufa wakuda umene ankayembekezera panatuluka kachikopa konyezimira ngati siliva. Inali pulasitiki yotchedwa polyacetylene. Mu 1977, Shirakawa pamodzi ndi Alan MacDiarmid ndi Alan Heeger ku yunivesite ya Pennsylvania anaonetsa kuti akaithira nthunzi ya ayodini imayamba kudutsitsa magetsi kuwirikiza mamiliyoni. Pulasitiki, chinthu chomwe timakutira nacho mawaya kuti tisagwidwe ndi magetsi! Atatuwa analandira mphotho ya Nobel mu 2000.

Akira Yoshino, wa ku kampani ya Asahi Kasei ku Japan, anatenga polyacetylene ameneyu n'kumuika mbali ya mainasi, kwinaku akugwiritsa ntchito mankhwala a Goodenough, ndipo mu 1983 anali ndi batire loyesera lopanda chitsulo cha lithium. Limenelo ndilo likanayenera dzina loti batire la pulasitiki. Koma polyacetylene ankatenga malo ambiri ndipo sankachedwa kuwonongeka, choncho mu 1985 Yoshino anamusiya n'kutenga kaboni wochokera ku zotsalira za mafuta oyengedwa. Mu 1986 anapita ndi mabatire ake kumalo oyeserako mabomba, n'kuwagwetsera chitsulo cholemera. Lake silinayake, pomwe la chitsulo cha lithium linaphulika. Sony inayamba kugulitsa mabatire a lithium-ion mu 1991, ndipo mu 2019 Whittingham, Goodenough ndi Yoshino anagawana mphotho ya Nobel, Goodenough ali ndi zaka 97.

Ngakhale zinthu zinafika pamenepo, zonse zimadalirabe kansalu kaja. Mu 2016 Samsung inaitanitsa mafoni onse a Galaxy Note 7 ena atayaka. Pofotokoza mu Januwale 2017, kampaniyo inati m'mabatire ena ngodya inali yopanikizika moti timapepala tam'kati tinapindika, ndipo mwa ena munali timinga totsalira powotcherera tomwe tinkaboola kansaluko. Mabatire amenewo anali a kathumba kofewa, ofanana ndi lanulo, opangidwa m'mafakitale a makampani akuluakulu. Nanga la pamsika lopanda dzina la wolipanga?

Kufufuma kumene mwaonako ndi mpweya. Batire likakalamba, likamakhala potentha, kapena likatchajidwa mopyola malire ake, timadzi tija timayamba kuphwanyika n'kutulutsa mpweya, ndipo kathumba kotsekedwa bwino kamadzaza. Sikuti batire lililonse lofufuma limayaka, ambiri sayaka, koma zam'kati zimakhala zasuntha ndipo kansalu kangathe kukhala katapanikizika kale. Chimene chimandiopsa kwambiri ndi chizolowezi cha okonza ena choboola kathumbako ndi singano kuti mpweya utuluke, kenako n'kumata ndi selotepi. Singanoyo ikalowa pang'ono chabe yagunda timapepala tonse tiwiri. Musalole zimenezo, ngakhale atakuuzani kuti amachita tsiku lililonse. Musalikanikizenso kuti chivundikiro chitseke.

Popeza ambiri tikugula mabatire a sola masiku ano, ndionjezere ichi. Mukaona palembedwa LiFePO4, amenewo ndi a lithium iron phosphate, mankhwala omwe gulu la Goodenough yemweyo linalengeza mu 1997 ali ku yunivesite ya Texas. Selo yake, kabatire kamodzi kam'kati, imapereka ma volt 3.2, ochepa kuposa a lithium cobalt oxide, n'chifukwa chake amakhala olemererapo pa mphamvu yofanana, koma sagwira moto msanga ndipo safuna cobalt, yemwe woposa theka wa padziko lonse amakumbidwa ku Democratic Republic of Congo. Graphite ndiye amafunika m'mitundu yonse iwiri, ndipo n'chimodzi mwa zimene zikuchititsa kuti mgodi wa graphite wa ku Balama ku Mozambique ndi zimene kampani ya Sovereign Metals yapeza ku Kasiya m'boma la Lilongwe zizimveka m'nkhani. M'nyumba ine ndingasankhe LiFePO4, ngakhale nawonso ali ndi timadzi toyaka ndi kansalu komweko.

Batire lanulo likachotsedwa, matani selotepi pa timano take tachitsulo, liikeni m'chitini momwe mwathira mchenga wouma, kunja kwa nyumba pamthunzi, kutali ndi ana, nkhuni ndi denga la udzu. Lisapite kudzala kumene mumatentha zinyalala. Latsopano mukagula, foni isamatchajidwe pansi pa pilo kapena padzuwa pafupi ndi panelo ya sola. Chingwe chikhale chachitali kuti foniyo izikhala pozizira.