Ma strut kapena ma shock pa quad yothamangitsa pamchenga? Kumbuyoko musathamangire

Achimwene, funso lanu lija ndaliona, mwati muli ndi Banshee, quad (njinga yamoto ya matayala anayi) ya Yamaha, ndipo mukufuna kuyamba mpikisano wa pamchenga wa mafiti 300 uja, ndiye anzanu akukuuzani kuti muzule ma shock onse atatu muikemo ma strut kuti ipepuke. Ine ndikuti dekhani kaye. Kutsogolo mwina, koma kumbuyo ayi, osati pano mukungoyamba kumene.

Strut paja ndi chitsulo chabe, ndodo yokhala ndi maso a bawuti uku ndi uku, siifinyika ngakhale pang'ono. Ubwino wake ulipo ndithu sindikana, imapepuka kuposa shock yokhala ndi sipuling'i ndi mafuta, quad imatsika pansi, komanso kumbuyo swingarm, mkono wogwira matayala akumbuyo, ikangokhala malo amodzi tcheni mumaikunga kamodzi basi sikumakhwepa nkumangikanso. Nchifukwa chake ambiri amazikonda. Vuto ndi loti mukachotsa ma shock onse chotsala chofewa pa njinga yonseyo ndi mpweya wa m'matayala, ndipo tayala lilibe chomeza kudumpha, limangonjanja ngati mpira.

Taganizani zomwe zimachitika getsi loyambitsa mpikisano likangoyaka. Mwasiya klatchi, kulemera konse kwathamangira kumbuyo, ma paddle, zipsepse zokumba mchenga za pa matayala akumbuyo zija, aluma mchenga. Ngati kumbuyo kuli shock yolimba bwino imakhala pansi pang'ono pokha nkugwira matayala kuti asachoke mumchenga. Ngati kuli strut, nkhonya yonse ija imapita m'tayala, tayala lafinyika, labwezera, ladumpha, lazungulira m'malere, latera lalumanso, ndiye mumangomva gu gu gu pansi pa mpando kwinaku mnzanu wapita kalekale. Mpikisano wa mamita 91 okha umathera poyambira pompo, mukataya pa mafiti 60 oyambirira simubwezanso olo injini ikhale yolusa bwanji. Ndipo Banshee ndi two-stroke, injini yophulitsa mafuta pa kuzungulira kulikonse, mphamvu yake siibwera mwaulemu, imangobwera yonse nthawi imodzi.

Koma chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri si poyambira ayi, ndi kuseri kwa mzere womaliza komwe mumachepetsa liwiro. Njira yothamangamo amaisalaza, koma kumapetoko nthawi zambiri kumakhala mikwasa ya matayala a anthu onse omwe adutsa tsiku limenelo, ndipo mumafikako muli pa liwiro lalikulu kuposa pena paliponse. Ine ndinaikapo ma strut konsekonse, ulendo wachitatu madzulo mchenga utakumbika, nditangodutsa mzere kutsogolo kunagunda kamtumbira kakang'ono, mapazi onse awiri anachoka pa zopondera, mahandulo akundigwedeza manja ngati afuna kundilanda. Sindinagwe, koma nditafika poimika ndinapeza pomangira strut ya kumanzere pa felemu pachita mng'alu woti chikhadabo chimalowa. Chitsulo chikapanda kufinyika chinachake chimayenera kulandira nkhonyayo, ndiye ndi felemu, mabawuti kapena msana wanu.

Ndiye musanagule kanthu pitani kaye kumene muzikathamangirako, muyende wapansi kuchokera pa mzere womaliza mpaka pokhotera, makamaka chakumadzulo osati m'mawa atangosalaza. Kukakhala kosalala ndipo quad yanuyo ndi ya drag yokhayokha, mpikisano wothamanga molunjikawu basi, ma strut kutsogolo ndi bho. Koma ngati ndi yomweyo mumakweranso nayo zitunda za mchenga kokasangalala, iwalani za ma strut, mudzazidana nazo tsiku loyamba lomwelo.

Njira ina yomwe ndimauza aliyense woyamba ndi yomanga kutsogolo ndi malamba, ma shock akhale momwemo koma muwakokere pansi kuti mphuno itsike, isamanyamuke kwambiri pochoka. Mukatero mwalawako khalidwe la strut koma pakadali kofinyikira pang'ono mukagunda bampu. Mukaona kuti zikukuyanjani ndiye muzaganize zogula. Ambiri omwe akhalitsa mumasewerowa amathera pa ma shock a drag a mpweya wa nitrogen ngati a kampani ya Marvin Shaw, opepuka, alibe sipuling'i, kulimba kwake mumasintha ndi mpweya womwewo. Kwa ine amenewo ndiye pakatikati pabwino, kungoti amafuna botolo la nitrogen ndi geji, osati pampu wamba.

Simunanene za swingarm yanu ndipo apa mpofunika kwambiri. Mukaitalikitsa ndi mainchesi 6, 8 kapena kuposa, shock ya kufakitale ija imasanduka yofewa chifukwa mkono wautali umaipanikiza mosavuta, ndiye njinga imakhala pansi kwambiri pochoka nkumadya mphamvu. Anthu ambiri akaona zimenezi amati shock njosathandiza, nkuika strut, pomwe chofunika chinali sipuling'i yolimbirapo ndi kuisintha mkati kuti igwirizane ndi kutalika kwatsopanoko komanso kulemera kwanu. Kutsogolo kukamanyamukabe ikani wheelie bar, chitsulo cha kumbuyo choletsa mphuno kunyamuka kwambiri, musamalimbane nazo ndi strut.

Poyesa musasinthe zinthu ziwiri nthawi imodzi chonde. Mpweya wa m'matayala akumbuyo usiyeni pamodzi, ma paddle ambiri amayendera cha m'ma psi 3 mpaka 5 pa geji ya mpweya, thamangani katatu, lembani nthawi ya mafiti 60 kuchokera pa kapepala ka nthawi komwe amakupatsani mukamaliza, kenako musinthe chimodzi chokha. Thupi limanama, strut imamveka ngati yothamanga chifukwa chogwedeza, koma kapepala ndi komwe kanganene zoona.

Mukalimbikirabe za ma strut kutsogolo, gulani okhala ndi ma heim joint, maso a bawuti opotokola aja, kuti muzitha kusintha kutalika mbali zonse zifanane, mabawuti akhale olimba a grade 8, ndipo pomangira pa felemu muzipayang'ana ndi tochi mukangotsika ulendo uliwonse. Chingwe chozimitsira injini mukagwa chija chikhale chomangirira pa inu. Tandiuzani kutalika kwa swingarm yanu, ma paddle angati pa tayala ndi kulemera kwanu, tione poyambira kukunga shock ya kumbuyoyo.