Kamwana ka pumbwa kagwa m'chisa

Funso: Mphepo yagwetsa kamwana ka pumbwa pabwalo pathu, nthenga kalibe. Ndikadyetse chiyani?

Yankho: Musanaganize za chakudya, funani chisa mukabwezeremo. Zoti make amakakana mukakagwira ndi manja n'zabodza. Chisa chikasowa, kaikeni m'katoni yoboola timabowo, pansi nsanza, pambali botolo la madzi ofunda lokulunga pansalu. Kakazizidwa sikagaya chakudya, ndiye yambani mwakafunditsa. Kenako phwanyani ngumbi zothothola mapiko kapena dzira lowiritsa, muzikapatsa pang'onopang'ono ndi kamtengo kosasongoka mphindi 20 zilizonse, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Usiku kasiyeni kagone. Mkaka osayerekeza, umakatsegula m'mimba. Madzinso musakathire kukamwa, amalowa m'mapapo n'kukapha, ingonyowetsani chakudyacho.