Bactrim wasiya kugwira ntchito pa vuto la mkodzo: chachitika n'chiyani?

Mayi wina wa ku Ngabu wandilembera imelo. Akuti chaka chino vuto lowotcha pokodza lawabwerera kangapo, ndipo Bactrim amene kale ankawachiritsa msanga tsopano akungomwa ngati madzi. Funso lawo ndi lakuti: kodi thupi langa lazolowera mankhwala?

Mayi, thupi lanu lilibe mlandu. Tomwe tasintha ndi tizilombo. Matenda ambiri a m'chikhodzodzo amayamba ndi bakiteriya wotchedwa E. coli, yemwe amakhala m'matumbo mwa aliyense osavuta, koma akalowa njira ya mkodzo ndiye kuwotcha kuja, ndi kumangofuna kukodza pafupipafupi koma n'kutuluka timadontho. Amayi amavutika kwambiri chifukwa njira yawo ya mkodzo ndi yaifupi. Mukamwa mankhwala, tizilombo tofooka timafa, tolimba timatsala n'kuswana. Choipa china, mabakiteriya amapatsirana mphamvu yokana mankhwalayi, moti ngakhale munthu amene sanamwepo Bactrim angathe kutenga E. coli wosamva Bactrim kudzera m'madzi, m'manja kapena m'chakudya.

Bactrim wamwedwa kwambiri m'Malawi muno. Anthu omwe ali ndi HIV amamumwa tsiku lililonse kuti apewe matenda ena, ndipo pamenepo akuthandiza ndithu, asasiye. Koma kwa E. coli mphamvu yake inatha kale pafupifupi yonse. Ndipo si Bactrim yekha. Ofufuza a bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome, atapima magazi a odwala ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, anapeza kuti E. coli wosamva ciprofloxacin, mankhwala enanso opha mabakiteriya, anachoka pa 2.5% mu 2003 kufika pa 31% mu 2016. Wosamva ceftriaxone, jakisoni amene zipatala zimadalira munthu akadwala kwambiri, nayenso anafika pa 30%. Kafukufuku wina wa bungwe lomweli anafika m'makomo a ku Chikwawa, ndipo anapeza tizilombo totere m'chimbudzi cha anthu osadwala n'komwe, m'ndowe za ziweto ndi m'madzi a m'mitsinje, makamaka nyengo ya mvula. Ife a kuchigwa kuno, kumene madzi osefukira amagwetsa zimbudzi n'kuthira zonse m'zitsime, sitiyenera kudabwa.

Chimene chimandinyansa ine ndi makapusozi a pamsika. Ali padzuwa la Okutobala, pathebulo limodzi ndi mabatire ndi mankhwala a makoswe, ndipo wogulitsa amang'amba anayi okha molingana ndi ndalama zanu. Anayi amenewo amangoziziritsa ululu, tizilombo tolimba tija n'kutsala.

Ndiye pitani kuchipatala cha boma, ku Chikwawa kapena ku Nsanje, mukapemphe kuti akupimeni mkodzo. Tengani buku lanu la kuchipatala, ndipo muwauze mosabisa mankhwala onse amene mwamwa, ngakhale a pamsika. Alipo mankhwala ena monga nitrofurantoin amene nthawi zambiri amagwirabe ntchito pa matenda a m'chikhodzodzo, koma wosankha ndi dokotala, ndipo mumwe monga momwe wakuuzirani, osagawira mnansi otsala.

Kupimitsa kuli ndi phindu lina: mwina vuto silili pa E. coli n'komwe. Kuno likodzo n'lofala kwa anthu ochapa, osamba kapena olima m'madimba m'mbali mwa Shire ndi ku Elephant Marsh. Limapweteka pokodza, magazi amaoneka kumapeto kwa mkodzo, ndipo mankhwala ake ndi praziquantel, Bactrim salikhudza. Chinzonono nachonso chimawotcha, ndipo chikapezeka, bambo a kunyumba ayenera kulandira nawo mankhwala.

Imwani madzi ambiri, chifukwa kutentha kwa kuno kumaumitsa thupi, mkodzo n'kumakhalitsa m'chikhodzodzo. Musamaugwire nthawi yaitali, kodzani mukatha kukhala malo amodzi ndi bambo, ndipo kuchimbudzi muzidzipukuta kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Koma mukamva kutentha thupi, kunjenjemera, kusanza kapena kupweteka m'mbali mwa msana, matenda angakhale atafika ku impso. Pamenepo, kapena ngati muli oyembekezera, nyamukani tsiku lomwelo.