Laputopu ikuthetheka pojambula mawu, musaigulitse kaye

Amwene amene mwafunsa za laputopu yanu ya Core i5 ndi RAM 8GB ija, yoti biti mu FL Studio, pulogalamu yopangira nyimbo, ikuthetheka ngati mbuliwuli pamoto komanso woyimba akumadzimva mochedwa m'mahedifoni, ndaona anthu angapo akuuzani kuti gulani makina ena. Ine ndikuti dikirani kaye, ndalamayo isungeni. Mavuto mwatchulawo ndi awiri osiyana ndipo mankhwala a limodzi amakulitsa linzakelo, n'chifukwa chake mukungozungulira pamodzimodzi.

Nkhani yonse yagona pa buffer, kachigawo ka mawu komwe kompyuta imakonza pa ulendo umodzi. Kompyuta sikonza mawu mosalekeza ayi, imatunga pang'onopang'ono ngati munthu wapita kumjigo. Buffer yaing'ono ili ngati kutunga ndi kapu, madzi amafika msanga koma maulendo amachuluka, ndipo mukangochedwa ulendo umodzi basi kunyumba madzi atha, kuthetheka mukumvako ndi kumeneko. Buffer yaikulu ili ngati ndowa, maulendo ochepa koma mudikire idzadze kaye, ndiye kuchedwa kwa mawu kuja. Pa 44100 Hz, buffer ya 128 imachedwetsa mawu pafupifupi 3 ms (ma ms 1000 ndi sekondi imodzi), ya 256 ndi 6 ms, ya 512 ndi 12 ms, ya 1024 ndi 23 ms, ndipo kumbukirani kuti mawu amalowa kenako n'kutuluka ndiye kuchedwako kumakhala kawiri ndi kakuwonjezera. Woyimba akadzimva mochedwa choncho amayamba kuthamangitsa mawu ake omwe, take ili yonse kuphonya biti, inu n'kumati mwanayo sadziwa kuyimba pomwe vuto ndi lanu.

Ndiye chitani izi, mu FL dinani F10 mupite pa Audio. Pojambula mawu ikani buffer pa 128 kapena 256, popanga mix ikani 1024 olo kuposa apo chifukwa nthawi imeneyo palibe akuyimba, kuchedwa sikupweteka munthu. Pa Audio pomwepo pali nambala yolembedwa underruns, yowerenga maulendo omwe kompyuta yachedwa kukonza mawu, iyang'anitsitseni nyimbo ikusewera. Ikamakwera ndiye kuti kompyuta ikulepheradi, koma ikangokhala pa 0 phokoso likumvekabe, siyani kuvutitsa ma setting, fufuzani chingwe cha maiki kapena cha USB, apo ayi ndiye kuti mawuwo akungopsa chifukwa gain, mphamvu yomwe mawu a maiki akulowera, mwaikweza kwambiri.

Simunanene kuti mukugwiritsa driver iti, kapulogalamu kolumikiza FL ndi chipangizo cha mawu. Ngati pa Device palembedwa Primary Sound Driver chotsani lero lomwe. Ngati muli ndi interface, kabokosi kolumikizira maiki ku kompyuta, kaya Focusrite Scarlett kaya Behringer UMC202HD, pitani pa website yawo mukatenge ASIO driver yake yeniyeni, mtundu wa driver wosachedwetsa mawu kwambiri. FL Studio ASIO ndi yabwino popanga biti, ASIO4ALL ndi ya pamavuto pamene palibe china. Komanso ma interface amenewa ali ndi kabatani ka direct monitor, mukakadina woyimba amadzimva kuchokera mu interface momwemo mawu asanalowe mu kompyuta, kuchedwa kulibe, ndiye buffer mutha kuisiya yaikulu. Kungoti muzimitse monitoring ya mu FL kuti asadzimve kawiri. Ndipo chonde mahedifoni a Bluetooth asayandikire ku studio, amenewo amachedwa mwachibadwa chawo, palibe setting ingawachiritse.

Tsopano apa ndi pamene ine ndinavutikira miyezi, nkhani ya magetsi. Laputopu ikakhala pa batire Windows imachepetsa liwiro la processor kuti moto ukhalitse, ndiye project yomwe imasewera bwinobwino masana, magetsi akangothima imayamba kudukaduka ngakhale simunasinthe kalikonse. Pitani ku Control Panel, Power Options, musankhe High performance, ikasowa pangani plan yanu ndipo pa Processor power management muike minimum processor state pa 100%. Koma chimene chinandipusitsa ine ndi chaja. Yoyambirira inapsa, ndinagula ina yotchipa pamsika, kamutu kake kamalowa bwino, batire imadzadza, ine ndimaona ngati zili bho. Kuyambira pamenepo nyimbo iliyonse kuthetheka, ndinafufuta Windows kawiri, ndinanamizira ma plugin, timapulogalamu towonjezera zoimbira ndi zokometsera mawu mu FL, ndinatsala pang'ono kuigulitsa laputopuyo pamtengo wa bonya, mpaka tsiku lina mnzanga anabwera ndi chaja yake ine n'kubwereka, zonse zii. Kuyang'ana pansi pa yangayo inali ya 45W pomwe makinawo amafuna 65W. Tembenuzani yanuyo muwerenge.

Chinanso ndi kutentha. Fumbi lathuli likadzadza mu fani, makamaka miyezi ya Okutobala ndi Novembala, processor ikamafika cha m'ma 90 mpaka 100 digiri imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse. Chizindikiro chake n'choti mukangoyatsa zonse zimayenda, pakatha mphindi 20 mavuto ayamba. Ikani Core Temp, pulogalamu yoonetsa kutentha kwa processor, muone nokha. Laputopu ikakhala yotentha pitani nayo kwa wokonza akapukute fani ndi kusintha thermal paste, phala lomwe amapaka pa processor kuti izizizira, ndipo musamaiike pabedi kapena pa bulangete, olo kuikweza pa timatabwa tiwiri kuti mphepo izidutsa pansi kumathandiza.

Pa ma plugin ndinena mosabisa, ambirife timadzipha tokha. Munthu akujambula mawu koma pa master, channel yomwe mawu onse amatulukira, pali Ozone, mu project muli Serum zisanu, Kontakt, reverb yakeyake pa channel iliyonse. Ma plugin a mastering ambiri amawonjezera kuchedwa kwawokwawo, ndiye olo buffer ikhale 128 woyimba adzimvabe mochedwa. Njira yomwe ine ndimatsata ndi yachikale koma siinandigwiritsepo mwala, biti ndimaitulutsa ngati WAV, ndimatsegula project yatsopano yopanda kanthu, ndimaika WAV ija n'kujambula mawu pamenepo, kenako mawuwo ndimawabweza ku project yaikulu. Kompyuta yofooka bwanji singalephere kusewera fayilo imodzi. Popanga mix, reverb ikhale imodzi pa channel yakeyake (send), ma channel onse azitumiza kumeneko, synth yomwe mwamaliza nayo ipangeni consolidate ikhale audio, ndipo pa Tools, Macros pali Switch smart disable for all plugins, imagoneka ma plugin omwe sakulira panthawiyo.

Za ma plugin a crack aja timapatsana pa flash sindikuweruza munthu, tonse tikudziwa mtengo wa dola, koma dinani Ctrl+Shift+Esc FL isanatsegulidwe muone Task Manager. Ngati processor ili kale pamwamba inu musanachite kalikonse, pali chinachake chikudya mobisa ndipo nthawi zina chimabwera ndi ma crack omwewo. Pamenepo muonenso mzere wa Disk, ukamakhala pa 100% mwina muli ndi hard disk yakale yozungulira ija, ndipo ngati pali chogula pa nkhani yonseyi ndi SSD, disk yothamanga yosazungulira, osati laputopu.

Zonsezi zikakanika tengani LatencyMon, ndi yaulere, muisiye iyende mphindi 10 nyimbo ikusewera. Imaonetsa driver yomwe ikugwira processor nthawi yaitali. Mukaona ndis.sys pamwamba imeneyo ndi ya network, zimitsani Wi-Fi pojambula, nvlddmkm.sys ndi ya graphics ya Nvidia.

Koma sinthani chinthu chimodzi n'kuyesa, osati zonse pakamodzi, apo ayi simudziwa chomwe chachiza. Yambani ndi driver ndi chaja madzulo ano, kenako mutiponyere screenshot ya pa Audio settings pamene nyimbo ikusewera, underruns ikuoneka, munenenso ma watt olembedwa pa chajapo ndi interface yomwe muli nayo.